Tsiku Limene Mwana Wanga Anagwa Pangolo

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi pamene anagwa pangolo. Amene anamukweza pangolopo ndine.

Timakhala kumunsi kwenikweni kwa Nsanje, kufupi ndi Marka, komwe ukamalondola mbuzi yosochera umangozindikira uli kale ku Mozambique. Mkazi wanga kwawo ndi mbali imeneyo. Iye akapsa mtima kapena akamasisita mwana amayankhula Chisena, ine ndimayankha m'Chimang'anja, ndipo mwanayo ankatola mawu uku ndi uku n'kumawasakaniza mmene wafunira. Anali wolongolola. Ankayankhula ndi nkhuku, ndi mtsuko, ndi aliyense wodutsa pamsewu.

Chaka chimenecho mapira anabereka bwino. Ndinabwereka ngolo ndi ng'ombe ziwiri kwa alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, kuti nditute zokolola. Linali tsiku la msika, ndipo mkazi wanga, yemwe amagula milamba yowamba kwa asodzi a kudambo n'kumakagulitsa, analawirira ndi dengu lake. Mwana anamusiyira ine chifukwa pamsika pamakhala chipwirikiti. Atafika pampanda anatembenuka.

"Musamukweze pangolo," anatero. "Ng'ombe yakuda ija imadzidzimuka ndi chilichonse."

"Ndamva," ndinayankha, ndikumanga goli.

Maulendo awiri oyamba ndinamunyamula pakhosi, manja ake atagwira tsitsi langa. Ulendo wachitatu dzuwa linali litakwera, ngolo italemera, ndipo ng'ombe zinkafuna manja anga onse awiri. Ndinamutsitsa kuti ayende. Anayenda pang'ono n'kukhala pansi m'fumbi, kulira, chala chikuloza pamwamba pa matumba. Kunyumba kunali kutatsala pafupi, denga lathu linkaoneka. Ndinamukhazika pakati pa matumba awiri, n'kumuuza kuti agwire chingwe. Kulira kunatha nthawi yomweyo, anayamba kuimbira ng'ombe.

Njinga yamoto inatulukira pokhota msewu ikuliza hutala. Ng'ombe yakuda inalumphira kumbali, tayala linalowa m'ngalande, ngolo inapendekeka. Kugwako sindinakuone. Ndinangomva kaphokoso kumbuyo kwanga, konga ka chipatso cha mlambe chikagwera panthaka youma.

Analira kwambiri, ndipo kulirako kunandilimbitsa mtima. Magazi panalibe. Pamwamba pa khutu lamanja panatuluka chotupa chofewa. Ndinathamanga naye kunyumba, ndinamuthira madzi kumutu, ndinamupatsa nthochi. Anadya theka. Posakhalitsa anatsika pamiyendo panga n'kuyamba kutsatira anapiye. Ndinathokoza Mulungu, ndipo pomwepo ndinaganiza kuti palibe chifukwa chouzira amake zonse.

Mkazi wanga anabwera dzuwa lili paliwombo, nsomba zitatha msanga. Asanatule n'komwe dengu anaona chotupacho.

"Ichi n'chiyani?"

"Anagwa pakhonde akuthamangitsa nkhuku."

Anachisisita ndi chala, n'kunena kuti mwanayu samva, kenaka analowa kukasonkha moto. Ine ndinabwerera kukadzutsa matumba amene anagwera m'ngalande. Ndinanyamula limodzi, n'kulisiya, kubwerera kunyumba kukasuzumira, kenaka kubwereranso kumsewu. Ndinachita zimenezi katatu. Kachitatuko ndinapeza mwana wasanza pamkeka, amake akupukuta. Anasanzanso. Kenaka anagona, tulo tachilendo, tosamva dzina lake, tosamva kumutsina. Mkazi wanga anamutsegula zikope ndi chala, n'kundiitana.

"Taonani maso awa. Kakuda ka diso ili n'kakakulu kuposa ka linzake."

Tinakwera njinga yamoto tonse atatu, mwana ali pakati, mutu wake ukugwedera pachifuwa pa amake. Pachipatala chaching'ono cha kwathu sanatisunge. Namwino atangomuunika m'maso anaimba foni, ndipo galimoto ya odwala inatitengera ku chipatala cha paboma.

Kumeneko tinakumana ndi dokotala wamwamuna wa imvi m'mbali, wosayankhulayankhula. Anagwira chotupa chija mosamala, n'kufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Mkazi wanga anafotokoza za khonde ndi nkhuku.

"Khonde lanu n'lalitali bwanji?" anafunsa akuyang'ana ine.

Ndinaonetsa ndi dzanja, kuchokera pansi kufika m'munsi mwa bondo.

"Bambo," anatero mosakweza mawu, "ine sindine wapolisi. Koma zimene mundiuze ndi zimene zindithandize kudziwa ngati mwanayu ndimusunge kuno kapena ndimuthamangitsire ku Blantyre. Anagwa kuchokera pati, ndipo nthawi yanji?"

Ndinanena zonse, za matumba, za ng'ombe yakuda, za m'mawa. Ndinkayang'ana nsapato za dokotalayo. Nditamaliza iye anayang'ana wotchi yake n'kutuluka mofulumira. Mkazi wanga anamasula chitenje chake m'chiuno, n'kuchimanganso mothina.

Msewu wa ku Blantyre ndinali nditaudutsapo kawiri kokha moyo wanga wonse, ndipo sindinkaudziwa kuti ndi wautali chonchija. Tinadutsa Bangula, tinadutsa Ngabu, kenaka minda ya nzimbe ya ku Nchalo yomwe inkangopitirira osatha. Mwana anagona pakabedi, botolo la madzi likulendewera pamwamba pake, namwino akumugwira pamkono kawirikawiri. Mkazi wanga anagwira kaphazi kake ulendo wonse. Ine ndinakhala pakampando ka kukhomo. Titawoloka Shire ku Chikwawa n'kuyamba kukwera mapiri, makutu ananditseka, ndipo mphepo yozizira inayamba kulowa pazenera. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndinali nditavala malaya a kumunda omwe aja, ong'ambika paphewa, ndi mankhusu a mapira akadali m'tsitsi.

Ku chipatala chachikulu anamulowetsa m'makina ojambula mkati mwa mutu. Dokotala wa kumeneko anali mayi wachitsikana, wocheperapo msinkhu kwa mkazi wanga. Anatiitanira pakanema wa kompyuta n'kutionetsa chithunzi. M'mbali mwa mutu, mkati mwa fupa, munali chinthu choyera chooneka ngati nthanga ya dzungu.

"Awa ndi magazi," anatero. "Fupa linang'aluka, mtsempha unaduka, ndiye magazi akhala akudontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa. Akukanikiza ubongo. Tiyenera kutsegula fupali kuti tiwachotse, ndipo tiyenera kutero tsopano."

"Achira?" ndinafunsa.

"Sindingakulonjezeni. Koma tikadikira, mapeto ake ndikuwadziwa."

Anandipatsa pepala loti ndisaine. Dzina langa ndimalilemba bwinobwino, koma tsiku limenelo linatuluka ngati lalembedwa ndi mwana wa sitandade wani. Anamumeta mbali imodzi ya mutu ife tikuona, tsitsi lake lofewa likugwera pansalu yobiriwira, kenaka anamukankha pakabedi ka matayala kulowa naye kuseri kwa zitseko ziwiri.

M'mawa mwake anatiuza kuti opaleshoni yayenda bwino, magazi achotsedwa, koma mwana sanadzuke. Anali m'chipinda cha odwala kwambiri, momwe tinkaloledwa kulowa kawiri patsiku, mmodzimmodzi, titasamba m'manja. Nditalowa koyamba sindinamuzindikire. Nkhope inali itatupa, diso lamanja litatsekeka, mutu wokulungidwa ndi bandeji, paipi m'kamwa, ina m'mphuno. Ndinaima pamenepo osadziwa pomugwira. Namwino anati, "Muyankhuleni, mwina akumva." Ndinatsegula pakamwa koma chimene ndinapeza chonena chinali choti anapiye ake ali bwino.

Masiku anayi otsatira sindinathe kukhala pansi. Mkazi wanga ankakhala pabenchi ya pakhomo la chipindacho kuyambira m'mawa mpaka madzulo, manja ali pamiyendo, osasuntha. Ine ndikakhala pambali pake mphindi zingapo thupi linkayamba kuyabwa. Ndinkanyamuka, kuyenda khonde lonse lalitali la chipatala mpaka kumapeto, kutulukira kumene amachapira, kuzungulira mpanda, kudutsa pageti pomwe amayi amagulitsa nthochi ndi mandasi, n'kubwerera. Ndikafika ndinkayang'ana nkhope ya mkazi wanga kuti ndione ngati kwabwera uthenga. Ndikaona kuti palibe, ndinkayambiranso. Alonda a pageti anandizolowera, anasiya kundifunsa kumene ndikupita. Amayi odikirira odwala ankasonkhana masana pansi pa mtengo kupemphera, ndipo tsiku lina ndinagwada nawo. Pemphero lisanafike pakati ndinapezeka ndaimirira kale, ndikuyenda.

Kuzizira kwa ku Blantyre m'miyezi imeneyo munthu wa kuchigwa sangakumvetse asanakuone. Kwathu nyengo yozizira timangofunda kansalu m'mamawa basi. Kumeneko mphepo inkalowa m'mafupa, ndipo kunkagwa kamvula kosalekeza konga utsi. Ndinkayenda manja ali m'khwapa, mano akugundana. Mkazi wanga anali asanandiyankhule chichokereni ku Nsanje. Chakudya ankandiikira pambali osandiyang'ana. Tsiku lachitatu, ndikudutsa pabenchi paja, anandiponyera chitenje chimodzi mwa ziwiri zimene anali nazo.

"Fundani," anatero. "Mukadwala ndiyang'anira anthu awiri."

Ndinafunda chitenje chamaluwa ofiira, mwamuna wamkulu, n'kumazungulira nacho chipatala.

Tsiku lachisanu mwana anatsegula maso. Ndinali kumpanda pamene zinachitika, ndipo nditabwera ndinapeza benchi ilibe munthu. Namwino anandikodola pachitseko n'kundilola kulowa ngakhale kuti amake anali kale mkati. Maso anali otseguladi, koma ankangodutsa pa ife ngati tili khoma. Amake anamuitana, anamuimbira kanyimbo kamene ankamugonetsera, koma iye anangoyang'ana nyale ya kudenga. Dzanja lamanja linkagwedezeka, kufuna kuzula paipi ya m'mphuno. Dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere zinangogona pamene zaikidwa.

Dokotala wachitsikana uja anatiuza kuti ubongo wa mwana wamng'ono umatha kudzikonza kuposa wa munthu wamkulu, koma palibe amene anganene kuti zibwerera zingati, kapena liti. Anatisamutsira ku wodi ya ana. Kumeneko kunkabwera mayi wina wa mafizo, wamfupi, wamanja amphamvu, amene ankapinda ndi kuwongola mwendo uja, kutsegula tizala tomwe tinkafumbata tokha, kumukhazika tsonga n'kumusiya pang'ono kuti aone ngati adzigwira. Mwana ankagwera kumanzere ngati thumba losadzaza. Mayiyo ankamudzutsa n'kuyambiranso, ndipo anatiphunzitsa kuti tizichita zomwezo katatu patsiku.

Sabata yachiwiri mkazi wanga anandiuza kuti ndipite kumudzi ndikaone zokolola ndi mbuzi. Ndikuganiza kuti analinso atatopa ndi kundiona ndikuzungulira. Ndinapita. Mapira ndinapeza alamu anga atatuta onse n'kuwaika m'nyumba. Anthu ankabwera kudzazonda, ndipo ena ankanong'ona kuti mwana sangavulale chonchija pongogwa pakhonde, pali munthu amene waponda pamenepa. Bodza langa linali litafika kumudzi ine ndisanafike, ndipo linali litayamba kufunafuna munthu woti limugwere. Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera kwawo. Anakhala pamkeka chapatali, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu wake, n'kunena kuti akuganiza zopita kwa munthu wina wodziwa kuona zobisika.

"Amayi, musavutike," ndinatero. "Palibe munthu amene wachita zimenezi. Mwanayo sanagwe pakhonde. Ndinamukweza pangolo ndine, amake atandiletsa."

Apongoziwo anathothola ulusi wa mkeka.

"Mwana wanga akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ndiye mukutani kuno? Mbuzi tiziona ife."

Ndinagona kumudzi masiku awiri okha. M'nyumba munali zii, ndipo paliponse pamene ndinkaponda ndinkapeza kanthu kake, kansapato kamodzi, chitini chimene ankaphikira dothi. Ndinakwera minibasi yoyamba kubwerera.

Nditafika ndinapeza paipi ya m'mphuno yachotsedwa, akumudyetsa phala ndi supuni. Maso anali atayamba kutsatira amake akamayenda. Ine anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja lamanja n'kugwira ndevu zanga. Koma mawu panalibe. Mwana amene ankayankhula ndi mtsuko ankangotsegula pakamwa n'kutseka. Ndinkamuonetsa zinthu n'kumazitchula, kapu, supuni, nsapato, mpaka amayi a pabedi loyandikana nalo anandipempha kuti ndipumeko.

Linali tsiku lina m'sabata yachitatu, masana. Amake ankamudyetsa phala lomwe linali litazizira, iye akutembenuza mutu uku ndi uku. Amake anakakamiza supuni pamilomo. Mwana anaikankha ndi dzanja, phala linatayikira pabulangete, ndipo ndi mawu okhakhala, otuluka movutikira, anati, "Nkhabe."

Ndi mawu a Chisena, otanthauza kuti ayi. Mkazi wanga anaima supuni ili m'mwamba. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Kenaka anatunganso phala n'kulibweretsa pakamwa pa mwana mwadala.

"Nkhabe," anateronso, atakwinya nkhope.

Masana onsewo tinamuvutitsa mwana ameneyo ndi supuni, tikusinthana, kuti timve akutikana. Mkazi wanga ankaseka misozi ikutsika, ndipo kanali koyamba kundigwira pamkono chichitikireni ngoziyo.

Tinatuluka m'chipatala patatha mwezi ndi masiku angapo. Mwana ankatha kukhala yekha ndi kukwawa mokoka mbali imodzi, ndipo mawu ankabwerera amodziamodzi, a Chisena poyamba, anga pambuyo. Kunyumba ndinadula nsungwi n'kukhoma mizere iwiri pabwalo, yofika m'chiuno mwake, monga mmene mayi wa mafizo anandijambulira papepala. M'mawa kusanatenthe ndi madzulo dzuwa likapepa tinkamuimika pakati pa nsungwizo, amake kutsogolo atanyamula kachidutswa ka nsomba, ine kumbuyo. Phazi lamanzere linkakhwekhwereza m'fumbi. Ankalira, ankatiluma, ankakhala pansi. Tinkamudzutsa.

Vuto linali ine. Sindinkamulola kugwa. Akangopendekeka pang'ono ndinali nditamugwira kale. Kumunda ndinkalima mzere umodzi n'kubwerera kudzaona. Ndinachotsa miyala yonse pabwalo, ndinagumula khonde lija n'kulisalaza, ngakhale kuti silinalakwe kanthu. Akagona masana ndinkamutsegula zikope kuti ndione maso, mpaka ankadzuka n'kulira. Tsiku lina mkazi wanga anandipeza ndikuchita zimenezi. Anandikokera kunja, kuseri kwa nyumba.

"Mumupundula ndinu mwanayu," anatero. "Kuchipatala anati azigwa ndi kudzuka. Inu simukumupatsa mpata."

"Ndikuopa."

"Inenso ndikuopa. Koma tamverani, chifukwa sindinakuuzeni. Zoti munamukweza pangolo ndinakukhululukirani tili m'galimoto muja. Mwana akamalira munthu umachita zinthu. Inenso ndinamusiyapo pafupi ndi moto. Chimene chimandidzutsa ine ndi khonde lija. Ndinachigwira chotupa chija ndi dzanja langa, n'kupita kukaphika. Mukanandiuza zoona ndikanathamanga naye nthawi yomweyo. Munandisandutsa mayi wophika mwana wake akutha."

Ndinapepesa, ndipo iye anati wamva, koma sananene kuti zatha. Anabwerera kukapeta mapira. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya nsungwi ikakwana ndinkaika manja kumbuyo n'kugwira dzanja lina ndi linzake. Mwana anagwa kambirimbiri. Mvula yoyamba isanagwe anayenda yekha kuchokera pansungwi kukafika pamtondo, masitepe asanu ndi limodzi, n'kugwera m'manja mwa amake.

Titapita ku Blantyre kuti akamuonenso, ndinadikira mkazi wanga atatuluka ndi mwana, n'kufunsa dokotala wachitsikana uja funso limene linkandidya. Ndinati, tikanabwera m'mawa momwe muja, kodi mwendowu ukanakhala chonchi?

Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Mwina ayi," anatero. "Mwinanso zikanakhala chimodzimodzi. Sindingadziwe, bambo, ndipo inunso simudzadziwa. Chimene ndikudziwa n'choti mwana amene ndinamuona tsiku lija sindinkayembekezera kuti adzalowa muno akuyenda."

Yankho limenelo ndinabwera nalo kumudzi, ndipo ndikadali nalo. Masiku ena ndimamva mbali yoyamba yokha, masiku ena yachiwiri.

Pano ali ndi zaka zisanu. Pamwamba pa khutu pali chipsera chokhota pomwe tsitsi silimera, ndipo amake amamuluka mokokera mbali imeneyo kuti chibisike. Akatopa phazi lamanzere limakokabe pansi, ndipo dzanja lamanzere limachedwa kumanga mabatani. Amapsa mtima msanga kuposa kale, ndipo phokoso lalikulu limamupweteka m'mutu. Za ngoziyo sakumbukira kanthu. Anzake akamufunsa za chipseracho amawauza kuti analumidwa ndi ng'ona, ndipo ena amakhulupirira.

Mwezi wathawu anayamba sukulu ya mkaka ya kutchalitchi kwathu. Ndinamuperekeza ndine. Ndinawafotokozera aphunzitsi ake zonse, kuti asamukhazike padzuwa, anzake asamukankhe, akasanza andiitane msanga, akagona nthawi yachilendo amudzutse. Mayiwo anamvetsera moleza mtima mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Tamva, bambo. Pitani, mudzamutenge masana." Mwanayo anali atalowa kale, osacheuka, akukoka kachikwama kake pansi. Ndinatuluka pampanda n'kuima pansi pa mtengo wa masawu kutsidya kwa msewu. Ndinayenda kukafika pachigayo, n'kubwerera. Ana anayamba kuimba mkatimo, ndipo ndinayesa kusiyanitsa mawu ake pakati pa enawo koma sindinathe. Foni inalira m'thumba. Anali mkazi wanga, ali kumsika.

"Muli kuti?"

"Ndili panjira ya kumunda."

"Muli kuti?" anafunsanso.

"Ndili pasukulu."

"Pitani kumunda. Thonje lija silidzipalira lokha."

Ndinaimabe pang'ono mpaka nyimboyo inatha, kenaka ndinapita kukatenga khasu.